NDEVU ZA MWANA WA MNZAKO

M'chilimwe cha 2023, madzi a namondwe Freddy atatsika ndipo mabwalo a zamasewero ataumanso, masukulu awiri a sekondale oyendera a kuno kumadzulo kwa nyanja ya Chilwa anakumana pa mpira wa anyamata osapitirira zaka 17. Maina a masukuluwo sinditchula, ndipo za anyamatawo ndinena zokhazo zimene zinamveka kale pagulu. Sukulu ina ili pafupi ndi parishi imene ndikutumikira, ndipo ndivomere poyambirira pomwe kuti mtima wanga unali kumeneko, pakuti ngakhale yunifolomu ya timuyo ndinathandiza kugula. Inayo ili kutsidya kwa mtsinje. Anyamata athu anagonja ndi zigoli ziwiri kwa chimodzi, ndipo ziwiri zonsezo anamwetsa mnyamata mmodzi, wamtali, wa chifuwa chotambalala ndi tindevu pachibwano.

Mkangano unayambira pabwalo pomwepo, koma unakakulira ku doko la Kachulu ndi pamsika wa Jali. Akabaza, asodzi osoka maukonde, ngakhale amayi oyanika matemba, aliyense anali ndi mawu. Athu ankati, "Ameneyo si mwana wa sukulu, ndi bambo wa pabanja." Akutsidya ankayankha kuti wogonja sasowa chonamizira. Panalinso gulu lachitatu, la madoda amene anasewerapo kale, lomwe linkangoseka n'kumati kuchepetsa zaka ndi nzeru ya mpira, ndipo amene sachita zimenezi ndi wogona. Lolemba m'mawa akomiti a sukulu yathu anafika pa ofesi ya parishi. Wapampando wao anati, "Bambo, mnyamata uja ndi mkhristu wa mphakati wa kutsidya. Titsegulireni buku la ubatizo, tikam'sumire."

Munthu wochokera kutali angadabwe kuti mlandu wa mpira ukufuniranji wansembe. Yankho lake lili m'mbiri ya dziko lathu, ndipo ndi lakale kuposa mpikisano wina uliwonse wa masukulu.

Makolo athu sankawerenga zaka za munthu ndi manambala. Ankadziwa kuti uyu ndi wamkulu kwa uje, kuti awa anavinidwa limodzi, kuti mwana uyu anabadwa anthu akukolola mpunga. Akafuna kuloza chaka, ankaloza chinthu chachikulu chimene chinachitika: nkhondo ya Chilembwe ya 1915, njala ya 1949, kapena, kwa ife a kuno, nyengo imene nyanja inaphwa. Chilwa anauma mu 1968 ndiponso mu 1995, ndipo mu 2018 mabwato ambiri anatsala pamatope. Mpaka lero mukafunsa gogo zaka za mwana wao, angakuuzeni kuti anali kumsana pamene anthu ankapita ku Chisi wapansi. Kuwerenga kotere n'koona, ndipo nthawi zina n'kodalirika kuposa pepala, koma sikungakuuzeni tsiku kapena mwezi. Akuluakulu amasimbanso kuti poyamba sukulu mphunzitsi ankangouza mwana kuti adutsitse mkono pamwamba pa mutu n'kugwira khutu la mbali inayo. Wofikira ankalembedwa, wolephera ankabwezedwa kuti akakule.

Boma la atsamunda linali ndi lamulo la kalembera wa obadwa ndi omwalira kuyambira 1904, koma lamulolo linkakakamiza anthu okhawo amene sanali Aafirika. Mwana wa Mzungu kapena wa Mmwenye ankalembedwa, mwana wa msodzi wa ku Chilwa ai. Chodabwitsa n'chakuti zinthu zinakhala choncho ngakhale dziko litalandira ufulu mu 1964. Lamulo latsopano lakuti mwana aliyense alembedwe ndi la 2010, ndipo linayamba kugwira ntchito mu 2015. Kalembera wa ziphaso za unzika, amene analemba anthu oposa 9 miliyoni a zaka 16 kupita m'tsogolo, anachitika mu 2017. Tsono kwa zaka zoposa zana, Mmalawi wamba akafunsidwa umboni wa tsiku lake lobadwa, ankatulutsa khadi la kusikelo ngati chiswe sichinadye, kapena kalata ya ubatizo.

Buku la ubatizo nalonso lili ndi mbiri yake. Msonkhano waukulu wa Aepiskopi wa ku Trent, mu Novembala 1563, unalamula kuti wansembe aliyense wa parishi azisunga buku lolembamo obatizidwa pamodzi ndi maina a owaimira, ndiponso buku la maukwati. Aepiskopiwo sankaganiza za mpira. Nkhawa yao inali pa maukwati a m'tseri ndi pa chibale chauzimu chimene ubatizo umabweretsa. Mu 1614 Papa Paulo wachisanu anaonjezerapo mabuku ena, monga la olimbitsidwa ndi la omwalira. Ansembe a chipani cha Montfort atafika ku Nzama mu 1901 anabwera ndi mwambo womwewo, ndipo kuchokera pamenepo mamishoni anayamba kulemba maina a anthu amene boma silinkawawerengera. Tisalitame mopitirira bukuli. Obatizidwa ali akuluakulu zaka zao zinkangoyerekezedwa, ndipo kuno kunyanja, kumene abale athu Asilamu ndi a mipingo ina ndi ambiri, anthu ochuluka mulibemo. Koma khanda limene linabatizidwa lili ndi miyezi iwiri kapena itatu, tsiku lake ndi lovuta kulitsutsa, chifukwa dzina lake lili pakati pa maina ena olembedwa motsatana ndi dzanja limodzi, pa tsamba limene silingasunthidwe.

Kusokonezeka kwa zaka m'masukulu mwathu sikunayambe ndi mpira. Malo a ku sekondale anali ochepa kwambiri, kotero kuti ana ambiri okhoza mayeso a Sitandade 8 sankasankhidwa. Ena ankabwereza kawiri, katatu, ndipo pofuna kuti aoneke ngati olemba koyamba ankasamukira ku sukulu ina, n'kusintha dzina ndi chaka chobadwa. Ambiri a ife tili ndi amalume kapena azakhali amene dzina la pa satifiketi yao si limene amadziwika nalo kumudzi. Mu 1994 boma litachotsa fizi ya ku pulayimale, chiwerengero cha ana a sukulu chinakwera kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni m'chaka chimodzi, ndipo mwa olowawo munali anyamata a zaka 12 kapena 14 oyamba Sitandade 1. Kuno kunyanja mwana amathanso kusiya sukulu nyengo ya nsomba, n'kudzabwereranso patapita chaka. Motero kupeza mnyamata wa zaka 20 mu Folomu 3 si chachilendo, ndipo palibe cholakwa pamenepo. Iyeyo ndi woyenera kumuyamika chifukwa sanataye mtima. Cholakwa chimayamba pamene wina atenga cholembera n'kum'bweza m'mbuyo zaka zinayi kuti akalimbane ndi ana.

Mipikisano yoika malire a zaka si yakale kwenikweni. Bungwe la FIFA linachititsa mpikisano woyamba wa dziko lonse wa achinyamata mu 1977 ku Tunisia, ndipo wa anyamata osapitirira zaka 16 unayamba mu 1985 ku China, kumene Nigeria inatenga chikho. Mu 1991 malirewo anakwezedwa kufika zaka 17. Mipikisanoyi itayamba kukopa maso a matimu olemera a ku Ulaya, chaka chobadwa chinasanduka katundu wa malonda. Mnyamata wosewera bwino ali ndi zaka 16 amagulidwa ndi ndalama zambiri, pamene wosewera chimodzimodzi ali ndi zaka 21 palibe amene amam'cheukira. Kumene kulibe kalembera wodalirika, chiyeso chake n'chachikulu.

Komabe mlandu waukulu woyamba sunachitike mu Afirika. Mu 1988 dziko la Mexico linatumiza ku mpikisano wa osapitirira zaka 20 osewera anayi amene anali atapitirira msinkhu. Amene anaulula ndi mtolankhani wa kwao komweko, ndipo sanavutike kufufuza: anangotsegula buku la pachaka limene bungwe la mpira la dzikolo linasindikiza lokha, napeza kuti masiku obadwa olembedwa m'menemo akusiyana ndi amene anaperekedwa ku mpikisano. FIFA inaletsa matimu onse a Mexico kwa zaka ziwiri, ndipo dzikolo linalephera kupita ku masewero a Olimpiki a ku Seoul ndi ku Chikho cha Dziko Lonse cha 1990 ku Italy. Mu 1989 chilango chinagwera Nigeria, imene inaletsedwa zaka ziwiri pa mipikisano ya achinyamata chifukwa masiku obadwa a osewera ake ena pa Olimpiki ya 1988 anasiyana ndi amene osewera omwewo anapereka m'mbuyomo. Dzikolo linalandidwanso mwayi wochititsa mpikisano wa achinyamata wa 1991. M'milandu iwiri yonseyi bodza linagwidwa ndi buku lakale limene onamawo anaiwala kuti lilipo.

Pozindikira kuti mapepala amagulidwa, madokotala a FIFA anafuna umboni wa m'thupi. Kumapeto kwa fupa la mkono, pafupi ndi pamene timamanga wotchi, mwana amakhala ndi kachigawo kofewa kamene fupalo limakulirapo. Munthu akamakula kachigawoko kamanka kalimba mpaka kutsekeka. Makina a MRI amajambula malo amenewa, ndipo madokotala amagawa zimene aona m'magawo 6. Kafukufuku wao anasonyeza kuti mwa anyamata osapitirira zaka 17, amene fupa lao latsekekeratu ndi ochepa kwambiri, pafupifupi mmodzi pa 100 alionse. Tsono wopezeka pa gawo la 6 amachotsedwa. Njirayi inayamba kugwiritsidwa ntchito pa Chikho cha Dziko Lonse cha osapitirira zaka 17 cha 2009. Ili ndi zofooka zake. Siitchula zaka za munthu, imangonena ngati fupa latsekeka kapena ai. Mnyamata wa zaka 19 amene fupa lake lachedwa angathe kudutsa, ndipo wa zaka 16 amene wakula msanga angathe kubwezedwa wosalakwa, akulira.

Chaka chomwecho cha 2009 ndicho chimatikhudza ife Amalawi. Pa mpikisano wa mu Afirika wa osapitirira zaka 17, umene unachitikira ku Algeria, timu yathu inali m'gulu limodzi ndi Burkina Faso, Niger ndi Zimbabwe. Malinga ndi zotsatira za pabwalo, anyamata athu anayenera kubwerera kumudzi. Koma Niger inapezeka kuti yaseweretsa wosewera wopitirira zaka, ndipo inachotsedwa. Malo ake m'ndime ya matimu anayi anapatsidwa kwa Malawi, ndipo ndi malo amenewo tinapeza mwayi wopita ku Chikho cha Dziko Lonse ku Nigeria, koyamba m'mbiri ya mpira wathu. Kumeneko tinagonja 2-0 ndi United Arab Emirates, 1-0 ndi America ndi 4-1 ndi Spain. Chigoli chathu chimodzicho anamwetsa Luke Milanzi.

Nthawi imeneyo ndinali ku seminale, ndipo ndikukumbukira chimwemwe chathu titamva pa wailesi za kugwa kwa Niger. Tinati chilungamo chaoneka, tinati wakuba wagwidwa. Tinakhala madzulo onse tikudzudzula dziko limene ambiri a ife sitikanatha kuliloza pa mapu. Ine sindikunena kuti anyamata athu anali ndi mlandu uliwonse. Chimene chimandichititsa manyazi lero n'chakuti funsolo silinatifike n'komwe m'mutu. Tinali anyamata ophunzira za makhalidwe abwino m'kalasi m'mawa uliwonse, koma palibe ndi mmodzi yemwe amene anafunsa kuti kodi m'matimu a masukulu amene tinachokerako zinthu zinkayenda bwanji, ngakhale tonse tinkadziwa yankho lake.

Vutoli silinathe. Mu 2020, pa mpikisano wa COSAFA wa osapitirira zaka 17 ku South Africa, matimu anayi a Botswana, Comoros, Eswatini ndi Zimbabwe anachotsedwa makina a MRI atakana ena mwa osewera ao, ndipo anatsala Angola, Malawi, South Africa ndi Zambia okha. Ku Cameroon nakonso, pamene Samuel Eto'o monga mtsogoleri wa bungwe la mpira analamula kuti anyamata ayezedwe, osewera 21 mwa 30 analephera.

Pali nkhani ina yakale imene bambo anga ankakonda kusimba, yomwe siikhudza zaka koma imaonetsa bwino mtima wa ife ochemerera. Pa Chikho cha Dziko Lonse cha 1982 ku Spain, Algeria inadabwitsa anthu pogonjetsa West Germany 2-1. Inamaliza masewero ake a m'gulu pa 24 Juni, ndipo m'mawa mwake, mumzinda wa Gijón, West Germany ndi Austria zinalowa m'bwalo zikudziwa kuti Ajeremani akapambana ndi chigoli chimodzi kapena ziwiri, matimu onse awiri apitirira, Algeria itsala. Horst Hrubesch anamwetsa chigoli patangotha mphindi 10, ndipo kuchokera pamenepo osewera anangopatsirana mpira mpaka mapeto. Oonerera anakuwiza, Afirika yense anakwiya, ndipo chifukwa cha tsiku limenelo FIFA inakonza zoti masewero otsiriza a m'gulu azichitika nthawi imodzi.

Pasanathe zaka ziwiri, mu Malichi 1984, Malawi inapita koyamba ku mpikisano wa Chikho cha Afirika ku Ivory Coast. Tinali m'gulu la ku Bouaké pamodzi ndi Algeria, Nigeria ndi Ghana. Tinagonja 3-0 ndi Algeria, kenaka tinalepherana 2-2 ndi Nigeria, zigoli zathu atamwetsa Harry Waya ndi Clifton Msiya. Masiku amenewo wopambana ankalandira mapointi awiri. Pofika tsiku lotsiriza Algeria inali ndi 4, Nigeria 3, Malawi 1, Ghana inalibe. Tikanagonjetsa Ghana, Nigeria n'kugonja kwa Algeria, tikanafanana mapointi ndi Nigeria. Koma Algeria ndi Nigeria zinadziwa kuti kulepherana kukwanira onse awiri, ndipo zinasewera mpira wa ulesi wothera 0-0, mpaka woimbira anatopa nazo n'kuonetsa khadi lachikasu kwa makaputeni a matimu onse awiri. Amene analira ku Gijón ndi omwe anachita zomwezo ku Bouaké. Akuluakulu anati anyani amasekana zikundu. Bambo anga ankafika pamenepa mawu atakwera, ndipo kawirikawiri ankaiwala kuonjezera kuti ifenso tsiku limenelo tinagonja 1-0 ndi Ghana, kotero kuti chiwembucho chikanapanda kuchitika sitikanapitabe patsogolo.

Kwathu konkuno nkhani imene inamveka mpaka kunja ndi ya 2017. Pa mpikisano wa Carlsberg Cup, Nchalo United inakumana ndi Chitipa United, ndipo Chitipa inapambana. Pambuyo pake bungwe la oimbira mpira linaletsa oimbira anayi a masewerowo kwa moyo wao wonse, litawapeza olakwa pa mlandu wolandira ndalama zokwana pafupifupi madola 20 a ku America kuti akondere Nchalo. Mmodzi wa iwo anaukana mlanduwo. Malinga ndi zimene zinafalitsidwa, nkhaniyo inaululika chifukwa opereka ndalamawo, ataona kuti agonjabe, anakaitanitsa ndalama zao, ndipo zimene zinabwezedwa zinali zoperewera. Nyuzipepala za maiko akutali zinaseka kuchepa kwa ndalamazo. Ine chimene chimandigwira mtima ndi dandaulolo. Munthu wopita kukagula chilungamo anaona kuti waberedwa, ndipo mkwiyo wake unali weniweni.

Mtima umenewu timauona sabata ndi sabata pakati pa Maule ndi Manoma. Bullets inabadwa mu 1967 kuchokera kwa osewera amene anapatuka ku Wanderers, motero matimu awiriwa ndi a mimba imodzi. Koma mverani ochemerera ao m'nyumba zoonetsera mpira pa Jali. Penate yopatsidwa kwa anzathu ndi yogula, yopatsidwa kwa ife ndi yoonekeratu. Wosewera wao akagwa ndi wonamizira, wathu akagwa wachita nzeru. Anzathu akakana kulowera pa chipata n'kudumpha mpanda, ndiye kuti ndi okhwima, koma tikatero ife, tikungodziteteza ku mankhwala ao. Anthu amenewa si abodza pa moyo wao wa tsiku ndi tsiku. Ambiri ndi oti mungawasungitse ndalama za mphakati osataya tulo. Amaonadi zimene akunenazo, pakuti chikondi cha timu chimayamba chasankha mbali, maso n'kumatsatira pambuyo.

Madoda aja a ku Kachulu amene amati aliyense amachita zimenezi ali ndi mfundo imene sitingaikankhire kumbali. Mphunzitsi wa zamasewero amene aseweretsa ana enieni pamene anzake onse akuseweretsa akuluakulu adzagonja chaka ndi chaka, ndipo makolo omwewo amene amadzudzula chinyengo adzati ndi wosadziwa ntchito. Amanenanso kuti mnyamata wosauka, amene anachedwa sukulu chifukwa cha umphawi, mpira ndiwo khomo lake lokhalo, nanga tim'tsekere chifukwa cha nambala? Funso limeneli ndi lolemera, ndipo ndalisinkhasinkha kwambiri. Koma pa malo 11 a m'bwalo, wamkulu aliyense wolowa amatulutsa mwana mmodzi, amenenso ndi wosauka, amenenso khomo lake ndi lomwelo. Mwanayo sadandaula chifukwa sadziwa kuti walandidwa kanthu, amangoganiza kuti sadziwa mpira. Ndiponso bodza la zaka silinenedwa ndi munthu mmodzi. Pafunika mphunzitsi wolemba, mkulu wa sukulu wosaina, kholo lovomereza, anzake a m'kalasi okhala chete, ndipo nthawi zina pafunikanso chidindo cha parishi. Anyamata 20 a m'timu amaphunzira pamenepo kuti akuluakulu onse amene amawalemekeza angathe kugwirizana pa chinthu chonama ngati mphotho yake ndi chikho.

Akomiti aja ndinawauza kuti buku la ubatizo si nyuzipepala, ndipo sindingawerengere gulu za mwana wa eni. Kalata imaperekedwa kwa mwini wake kapena kwa makolo ake. Anachoka osakondwa. Koma Lachitatu mai a mnyamata wa ndevu uja anabwera okha, atayenda ulendo wa maola awiri, chifukwa mawu a anthu anali atawafika. Khadi la kusikelo linapita ndi madzi a Freddy pamodzi ndi nyumba. Anati, "Bambo, ndilembereni kalata ya mwana wanga, anthu aleke kunditukwana." Tinatsegula buku. Mnyamatayo anabadwa mu Febuluwale 2007, nabatizidwa pa Pasaka chaka chomwecho. Anali ndi zaka 16. Chifuwa chija chinali cha nkhafi ndi makoka, pakuti wakhala akupalasa bwato la amalume ake kuyambira ali ndi zaka 10.

Maiwo atapita, buku linatsala lotsegula pa tebulo. Sindidziwa chimene chinandigwira, koma ndinayamba kubwerera m'mbuyo masamba, kufunafuna maina a anyamata athu. Ambiri anali bwino. Goloboyi wathu, mnyamata waulemu amene amatumikira pa Misa, wa nkhope yosalala yopanda ndi kadevu komwe, sindinam'peze mu 2007 monga m'mene kaundula wa sukulu amanenera. Dzina limene amalembera kusukulu ndinalipeza m'chaka chimenecho, koma linali la mng'ono wake, amene anasiya sukulu ali Sitandade 5 n'kupita kunyanja. Iye mwini ndinam'peza mu 2003. Analemba mayeso a Sitandade 8 kawiri osasankhidwa, ndipo kachitatu analemba ndi dzina la mng'ono wakeyo. Sanachite zimenezi chifukwa cha mpira, mpira unangom'peza ali kale m'dzina la wina. Ndipo ine ndinali nditam'dziwa zaka zinayi, ndikudziwanso mng'ono wakeyo, ndikumva maina awiriwo akuitanidwa mosinthana pakhomo pao. Ndikanafuna kudziwa ndikanadziwa kalekale, koma ankagwira mipira bwino.

Ndinayamba ndalankhula ndi mnyamatayo payekha, kenaka ndi mphunzitsi wa zamasewero. Pa msonkhano wa komiti mphunzitsiyo anaimirira yekha n'kunena zoona, ndipo ndimam'lemekeza chifukwa cha zimenezo. Kalata yokasuma ija, imene inali italembedwa kale ndi kusainidwa, sinatumizidwe. Wapampando, amene Lolemba lija ankanena za chilungamo mawu ali pamwamba, anafunsa ngati sizingatheke kuti nkhaniyi ithere m'chipinda momwemo mpaka mpikisano utatha, popeza akutsidya sakudziwa kanthu. Ena anagwirizana naye. Mai wina wa m'komitimo, amene mwana wake wa zaka 14 anakhala pa benchi chaka chonse ngati goloboyi wachiwiri, sananene kanthu, anangoyang'ana pansi.

Masewero otsatira pagolo panaima mwana wa zaka 14 uja, magolovesi akum'kulira. Anam'mwetsa zigoli zinayi, ndipo sukulu yathu inatuluka mumpikisano. Ku Kachulu alipo mpaka lero amene amati Bambo Mfumu anagulitsa timu, ndipo akutsidya, atamva nkhani yonse, anayamba kutitcha sukulu ya madoda, ngati kuti kaundula wao anam'fufuza ndi kum'peza woyera. Za goloboyi wamkulu uja, vuto lake lenileni silinali la pabwalo. Satifiketi yake ya Sitandade 8 ili m'dzina la mng'ono wake, ndipo tsiku limene awiriwa adzafune ziphaso, ntchito kapena ukwati, dzina limodzilo silidzawakwanira. Ndinam'lonjeza kuti ndidzam'perekeza ku maofesi oyenera ku Zomba kuti tikaone ngati zingakonzedwe, ndipo ndinam'lembera kalata ya ubatizo monga m'mene buku likunenera, ya dzina lake ndi chaka cha 2003. Pa Misa amabwerabe, ndipo timapatsana moni. Kalatayo ikadali m'kabati ya mu ofesi, sanabwere kudzaitenga.